Che Liso ndi ufa wa m'bogi

Amene anandibweretsera uthenga ndi Abiti Jafali, mnzanga amene timagulitsira limodzi tomato pa siteshoni ya Nkaya. Anandipeza kudimba ndikuthirira mpiru, ndipo sanayambe ndi moni. Anangoti, "Amake Estere, ikani ndowa pansi. Che Liso atisiya." Anamwalirira kwa mwana wawo wamkazi, Halima, ku Machinga, ndipo monga mwa mwambo wa anzathu achisilamu, dzuwa lisanalowe anali ataikidwa kale. Ine uthengawo unandipeza mawa lake, manda atatsekedwa.

Ndinagwada pomwepo pamatope n'kupemphera. Koma ngakhale m'kati mwa pempherolo mtima unkathamangira kumodzi: nanga dzenje lija alilondera ndani tsopano?

Amene munadutsako kwathu kuno kwa Nsamala mwina munaliona. Kuseri kwa kanyumba ka Che Liso kuli malo ozunguliridwa ndi khonje, pakati pake udzu okhaokha. Zaka zonse zimene ndawadziwa ali nkhalamba, Che Liso ankakhala pa kampando moyang'ana malo amenewo. Mbuzi ikayandikira, mwala. Mwana akagwetserako mpira, ankamuuza kuti auiwale, iwo amupangira wina wa mapepala. Munthu wamkulu akabwera ndi khasu, apo ndiye mawu ankamveka mpaka kunjanji. Achinyamata a masiku ano ankati agogowo anakwirira chuma. Ena ankati ndi zamankhwala. Ife amene tinalipo chaka cha njala tikudziwa kuti pansi pamenepo pali ufa.

Dzina lawo lenileni anali Che Amini. Loti Liso, limene m'Chiyao ndi diso, linabwera chifukwa diso lawo lakumanzere linazolowera kutsinzina, moti ngakhale akukupatsa moni ankaoneka ngati akukuyeza. Unyamata wawo wonse anagwira ntchito ku ofesi ya za ziweto ku Machinga, kumene iwo mpaka imfa ankangokutchula kuti Kasupe. Ntchito yawo inali kuyang'ana magazi a ng'ombe pa makina oonera tizilombo, aja amati maikulosikopu. Atapuma anabwera kudzakhala kwa mkazi wawo, Abiti Sumani, ngati mkamwini, ndipo anabwera ndi makina akale amene ku ntchitoko anali atasiya kuwagwiritsa. Sanali amagetsi. Pansi pake panali kagalasi kozungulira kotchera dzuwa, n'chifukwa chake ankawaika pazenera la kum'mawa. Akamaliza ankawakulunga m'chitenje n'kuwabweza m'bokosi lathabwa, ngati khanda.

Anali munthu wovuta, ndisaname poti apita. Ankasamba m'manja kuposa mmene kuswali, kupemphera kwawo kwachisilamu, kumafunira. Timagalasi tawo ankatiwiritsa m'chitini, ndipo tsiku limene anabwereka poto wa Abiti Sumani, mayiwo anakana kuphikiramonso, n'kumuika pakhonde kuti mudzi wonse uone zimene amuna awo achita. Ng'ombe ikafa yokha, amuna athu achikhristu atanola kale mipeni, Che Liso ankafika wefuwefu n'kuima pakati. Ankati kwa iwo nyama yotere ndi haramu, yoletsedwa, koma kwa ife ndi manda, ndipo sankachoka mpaka itakwiriridwa. Amuna ankawatukwanira kumbali.

Koma chimene chinkatopetsa anthu kwambiri n'choti mawu akuti "palibe" sankatuluka m'kamwa mwawo. Ukapita ndi madzi a pachitsime kapena magazi a mbuzi yako, n'kufunsa ngati muli tizilombo, ankayankha kuti sanaone. Ukati, "Ndiye kuti mulibe?" ankabwereza kuti iwo sanaone, ndipo kusaona kwa munthu si kusakhalapo kwa chinthu. Abiti Sumani ankatiseketsa pamtondo kuti akawafunsa ngati shuga watha m'chitini, amasuzumira kaye nthawi yaitali, kenako n'kuti sanamuone.

Njala ya 2002 isanafike pachimake, wailesi inkanena za ufa woyera umene anthu oipa ankatumiza m'makalata kumaiko a azungu, munthu akangotsegula n'kuupuma, basi wadwala. Tinkamvera pansi pa mtengo wa pa siteshoni. A Mulomba, bambo wanthabwala amene ankakonza njinga pamenepo, anati, "Azunguwo akuthawa ufa? Atumize kuno, adilesi ndiwapatsa. Tiphika phala!" Tonse tinaseka, poti m'mimba munali mutayamba kale kulira. Che Liso okha sanaseke. Anati chimene chili mu ufawo amachidziwa, si cha azungu okha ayi. Ndi nthenda ya ng'ombe yotchedwa anthirakisi, ija imagwetsa ng'ombe yonenepa mwadzidzidzi magazi akuda akutuluka m'mphuno. Anati timbewu take timagona m'zikopa, m'mafupa ndi m'dothi zaka zambirimbiri osafa. Palibe anasamala.

Za njalayo sindinena zambiri, amene munaiona simufuna kukumbutsidwa. Tinadya madeya mpaka anasowa. Tinaphika mango osakhwima, tinasinja mizu ya nthochi. Bambo a kunyumba kwanga anapita kukafuna ganyu ku Mozambique kudzera ku Nayuchi, osabwerako msanga. Ndinatsala ndi ana, ndipo wamng'ono, Yohane, mapazi anali atayamba kutupa, tsitsi litafiira. Anasiya kulira. Mayi aliyense akudziwa kuti mwana wanjala akasiya kulira, nthawi yatha.

Ndiye sitima ina yochokera ku Nayuchi inasiya bogi imodzi panjanji yapambali, chitseko chili chotsekula. Inali itanyamula chimanga, ndipo pansi pake panatsala ufa wambuu, wokhuthala ngati phulusa la pamoto wamaliro, wosakanikirana ndi timaso ta chimanga. Mbiri itamveka tinathamangirako ndi matsache ndi mabeseni. Munali kafungo ngati ka chikopa chonyowa, ndipo mu ufamo munkapezeka tiubweya ndi tizidutswa tolimba toyera. Ndani akanaima kuti afunse? Ine ndinkasesa ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi, ndikuti Ambuye atikumbukira ngati ana a Israeli m'chipululu. Abiti Jafali anadzicheka pamkono ndi chitsulo cha chitseko, anangopukuta ndi ufa womwewo n'kupitiriza.

Denga la bogiyo linkadontha, choncho ufawo unali wonyowa, wodzaza mchenga, wosatheka kusefa. Mvula nayo inali itamanga, osakata. Ambiri tinauyanika m'nyumba pamphasa kudikira kuti uume. Kwa a Mulomba ndi nyumba ina ya mayi wamasiye sanadikire, anaphika choncho ndi mchenga womwe.

Ine nditaona kuti Yohane sadikira dzuwa, ndinaumitsa gawo langa paphale, n'kuthira m'lichero kuti ndipete. Ndili pakhonde, ana atandizungulira, ndinangoona munthu akubwera mvula ikumuwaza, kansalu konyowa atamanga pamphuno. Sanaodire. Anagwira lichero ndi manja awiri n'kuliika pansi pang'onopang'ono, n'kulivundikira ndi beseni.

"Amake Estere, musapete. Chotsani ana apa."

"Che Liso, mwatani kodi? Mwanayu mukumuona?"

"Ndamuona. Mkono wa Abiti Jafali mwauona inu?"

Ndinali ndisanauone. Pamene anadzicheka paja panatuluka chotupa, mkono wonse n'kufufuma, pakati pa chilonda pali bii ngati khala. Che Liso anali atamufunsa ngati chikupweteka, iye n'kuti iyayi, chikungoyabwa. Kusapweteka kumeneko ndi kumene kunawadzutsa pampando n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo.

Ndinawachonderera. Ndinati, "Nanga ndikawiritsa kwambiri? Moto supha chilichonse?"

Anati timbewu timeneto ndi tolimba, kuwira kwa phala sangakulumbirire. Anatinso ngozi imayamba mphika usanafike pamoto: posinja, popeta, posefa, fumbi lija likamalowa m'chifuwa mwa mayi ndi mwa mwana ali kumbuyo. Anapempha kuti tiwapatse mpata ayang'ane kaye.

Koma makina awo ankafuna dzuwa, ndipo dzuwa kunalibe. Tinasonkhana panja pa zenera lawo, amayi ndi ana athu, tonse maso kumwamba. Iwo anali atapaka kale madzi a pachilonda cha Abiti Jafali pa kagalasi kena, ufa wosungunula pa kena, n'kudonthezera mankhwala abuluu. Tinakhala, tinakhala. Ine ndinkapemphera chamumtima, osadziwa chopempha: dzuwa lituluke, kapena lisatuluke kuti ndikaphike mosadziwa? Dzuwa litapendeka pang'ono mitambo inang'ambika, ndipo iwo ananyamula tebulo n'kutulukira nalo pabwalo kuthamangira kuwalako.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anandiitana ine, poti ndinali pafupi, kuti ndiike diso. Poyamba ndinangoona kuwala. Kenako ndinaona timitengo tabuluu tolumikizana mfundo ndi mfundo ngati bango. Anasintha kagalasi. Apa panali zibulumwa za ufa, ndipo pakati pake timadontho tonyezimira ngati mazira a nsabwe.

Anayankhula ndi tonse. Anati za pachilondazo akuzidziwa, anaziona kambiri m'magazi a ng'ombe, ndipo Abiti Jafali apite kuchipatala lero lomwe. Koma za mu ufa, timbewu aona, kungoti timbewu toopsa tili ndi abale ake ofatsa amene amapezeka m'dothi lililonse, ndipo pagalasi lawo nkhope n'zofanana. Anati m'tauni muli makina ena amene amaunika ufa ndi kuwala kosaoneka ndi maso, konga kutentha kumene umamva ukayandikiza dzanja pambaula osaikhudza. Ufa uliwonse umamwa kuwalako mwa njira yakeyake, ndiye makinawo amatha kunena kuti uwu ndi wa chimanga, uwu ndi laimu, umu muli mafupa kapena chamoyo. Koma dzina lenileni la kachilombo, anati, limadziwika akakamera m'mbale ku labotale, ndipo zimenezo zimatenga nthawi.

A Mulomba anali ataima kumbuyo, manja m'chiuno. "Mwayankhula zambiri, achimwene. Funso ndi limodzi. Ufawu ukupha kapena ayi?"

"Sindikudziwa."

"Mwamva? Sakudziwa! Ine ndadya, ndili pano. Inu mukuopa chinthu chopanda dzina. Njalayi dzina lake tikulidziwa, ndipo manda ake tikukumba tsiku ndi tsiku. Asiyeni amayiwa akaphike."

Amayi ambiri anavomereza. Nanenso mtima unali komweko, pakuti Yohane anali pamsana panga wopepuka ngati mtolo wa udzu. Che Liso analibe mphamvu yoletsa munthu. Sanali mfumu, sanali dokotala, anali mkamwini chabe pamudzi wa eni. Anatembenuka, diso lija lili chitsinzinire, n'kulowa m'nyumba.

Tinamva akukangana ndi Abiti Sumani m'Chiyao, mawu a mayiwo ali pamwamba. Tonse tinkadziwa kuti nyumba imeneyo inali ndi makaka, chinangwa chouma chimene abale awo a ku Nayuchi anawatumizira mvula isanayambe, ndipo ndi chimene chikanawafikitsa awiriwo pa chimanga chatsopano. Mawu anatha. Amene anatuluka akukoka thumba sanali Che Liso, anali Abiti Sumani. Analigwetsa pakhonde, nabwerera kukakoka lina.

"Bweretsani ufa wanuwo," anatero, osayang'ana munthu kumaso. "Mbale ya ufa, mbale ya makaka. Amuna angawa mukapanda kutero andifera ndi maganizo, ndiye bola njala."

Tinapita kukatenga. Amuna anakumba dzenje lakuya kuseri kwa nyumba ya Che Liso, poti palibe wina akanalola pakhomo pake. Anathiramo ufa wonse, pamwamba laimu wotsala pamene ankapaka mzikiti, ndipo mphasa, malichero ndi matsache tinaziwotcha. Ndinaona amayi akulira poona ufa ukulowa m'dothi, kulira kwenikweni kwa pamaliro. Madzulo amenewo ana anga anamwa phala la chinangwa. Yohane anameza masipuni ochepa, ndipo m'mawa mwake analira. Sindinamvepo nyimbo yokoma ngati kulira kumeneko.

Abiti Jafali anamutengera kuchipatala panjinga, anamubaya majakisoni, anachira. Chipsera chilipo mpaka lero, amachibisa ndi malaya a manja aatali. Ufa pang'ono Che Liso anautsekera m'kabotolo, kabotolo m'chitini, n'kupatsa a zaumoyo kuti apite nawo m'tauni.

Makaka aja anatifikitsa pa maungu oyamba. Eni ake sanawafikitse. Abiti Sumani anali wamkulu kale, ndipo zimene anatsala nazo ankakankhira amuna awo, kunama kuti adya. Thupi litafooka, matenda otsekula m'mimba amene anali ponseponse chaka chimenecho sanachedwe kuwagwetsa. Anamwalira chimanga chili ndi ngaiyaye, chitatsala pang'ono. Halima atafika kuchokera ku Machinga n'kumva nkhani yonse, anatiyang'ana amayi tonse tili m'nyumba ya maliro, n'kuti, "Mwakhuta? Mwadya amayi anga." Kwa bambo ake sanayankhule zaka zingapo.

Yankho la m'tauni linabwera pakamwa, titakolola kale. Makina a kuwala aja anapeza kuti mu ufamo munali chimanga, munalinso mafupa ogaya ndi zotsalira za zikopa, kusonyeza kuti bogiyo inanyamulapo zimenezo isananyamule chimanga. Koma zomeretsa m'mbale zija sizinachitike, poti nthawi imeneyo aliyense wa m'malabotale anali pa kolera. Dzina la kachilombo silinabwere. Kwa mayi wamasiye uja, amene anaphika osadikira, kunamwalira mwana wamkazi, mimba itatupa, akutuluka magazi. Kaya unali ufa, kaya matenda a chaka chimenecho, adziwa ndi Mulungu. Kwa a Mulomba sikunadwale ngakhale nkhuku. Ndipo mpaka ukalamba wawo, a Mulombawo akamadutsa panjinga, ankaimba belu n'kufuula, "Che Liso! Ndikadali moyo!" Che Liso ankangokweza dzanja n'kuti, "Alihamudulila."

Mkangano waukulu unabwera sadaka ya mayiwo itatha. Mwa mwambo wathu, mkazi akamwalira mkamwini amasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Alongo a Abiti Sumani anakhala pansi n'kuwauza mwaulemu kuti njira yatseguka. Che Liso anakana. Anati munda atenge, mbuzi atenge, nyumba yaikulu atenge, koma iwo sachoka pafupi ndi dzenjelo, chifukwa anakwirira ndi iwo, ndipo tsiku lina munthu wosadziwa adzabwera kudzaumba njerwa pamenepo. Alamu awo anati, "Mwatiphera mlongo wathu ndi galasi lanulo, tsopano mufuna mutilandenso malo?" Nkhani inavuta kwambiri. Pamapeto pake anawasiyira kanyumba kophikira ndi malo a dzenjewo basi. Ndi pamene anabzala khonje.

Kuyambira pamenepo ife amayi a makaka tinkasinthana kuwapatsa chakudya. Sitinapangane, zinangochitika. Ankalandira ndi manja awiri n'kuti asikomo, koma mbale ankatsuka okha, kawiri. Anthu anapitiriza kubwera ndi tinthu tawo toti ayang'ane: ufa wogula kwa mavenda umene ukuwawa, mankhwala a nkhokwe okayikitsa, mkaka waufa wopanda chizindikiro. Ankayang'ana, ndipo yankho linali lomwe lija, aona kapena sanaone. Anthu ankachoka akung'ung'udza, mawa n'kubweranso.

Tsiku lina, maso awo atayamba kuchita khungu, ndinawapititsira futali n'kukhala nawo pafupi ndi khonjelo. Ndinalimba mtima n'kufunsa ngati amadandaula. Anati nkhani imeneyo amaitembenuza pa swala iliyonse. Ngati ufa uja unali wabwino, ndiye kuti anapha mkazi wawo pachabe, n'kukwiriranso chakudya cha ana a eni. Ngati unali woipa, ndiye kuti mayiwo anagula mudzi ndi moyo wawo. Ndipo iwo adzafa osadziwa kuti chinachitika n'chiti mwa ziwirizo.

Kenako anandifunsa, "Yohane ali kuti?"

Ndinati ali kusukulu, chaka chino alemba mayeso.

"Eya," anatero. "Zimenezo ndiye ndaona."

Maso atatheratu, Halima anabwera kudzawatenga. Anali atakhululuka, kapena anangotopa ndi mkwiyo, sindinafunse. Anakwera galimoto akukana, akutchula dzenje, mpaka ine ndi Abiti Jafali tinalonjeza kuti tiziyang'anira. Sanabwererenso.

Nditamva za imfayi ndinapita kukaona pamalopo. Kanyumba kaja denga linagwera m'kati. Zenera limene anaboola kum'mawa atasamukiramo lilipo, lopanda chitseko, ndipo dzuwa limalowabe n'kugwera pamene pankakhala tebulo, pali zitosi za nkhuku. Bokosi la makina Halima anapita nalo. Kampando kanadyedwa ndi chiswe, katsala miyendo iwiri. Khonje wakula kuposa munthu, koma mbali ya kunjira wina wadulako kuti apote chingwe, ndipo patseguka mpata woti mbuzi n'kulowa. Chapafupi pomwepo ndinapeza zikhomo zatsopano ndi chikombole cha njerwa. Adzukulu a pamudzipo akufuna kumanga, ndipo onse anabadwa njala itapita.

Ndinawauza nkhaniyi. Anamvetsera mwaulemu, kenako mmodzi anafunsa ngati zinatsimikizika kuti ufawo unali ndi matenda. Ndinati sizinatsimikizike. Anayang'anizana. Ine ndi Abiti Jafali tadula minga n'kutseka mpata uja, ndipo Yohane wati akabwera kumapeto a mwezi adzabzalapo khonje wina. Koma ifenso tikukalamba.

Inu amene mwawerenga, kaya mumagwada m'tchalitchi kaya mumzikiti, ndikupemphani muike m'mapemphero anu banja la Che Amini ndi Abiti Sumani, makamaka Halima, amene anataya mayi kuti ana athu akhale ndi moyo, ndipo sitinamubwezere kanthu. Muwakumbukirenso adzukulu a pamudzi paja, kuti Mulungu awapatse malo ena okumbapo dothi la njerwa zawo.